Kutsatsa Malonda pa Foni: Kodi Kudina Kumodzi Kumadya Ndalama Zingati?

Amene anayendapo mumsewu wa Bakili Muluzi kuchokera ku Liwonde, kudutsa pa Ntaja mpaka kufika pa Nselema, amadziwa kuti kuno katundu sasowa. Kuli mpunga wa m'madambo, nsomba za ku nyanja ya Chiuta, nandolo, komanso atelala ndi akalipentala aluso. Chimene chimasowa ndi ogula a ndalama m'thumba. Ambiri mwa iwo ali kutali: ku Zomba, ku Blantyre, ku Lilongwe, ena ku Joni. Nanga wamalonda wa pa Nselema angawapeze bwanji osakwera minibasi?

Njira imodzi ndi kulipira kampani ya pa intaneti kuti ionetse katunduyo pa mafoni a anthu. Aliyense wolowa pa Facebook anaonapo chithunzi cha malonda chikungotulukira chokha, chochokera kwa munthu amene sakumudziwa n'komwe. Chithunzicho sichinasochere ayi. Mwini wake analipira kuti chifike pamenepo.

Kale wotsatsa ankalipira wailesi kapena nyuzipepala, osadziwa kuti uthenga wake wamveka ndi anthu angati. Mu 1998, Bill Gross wa ku America anayambitsa kampani ya GoTo.com ndi mfundo ina: wotsatsa azilipira pokhapokha munthu akadina pa uthengawo. Google inayamba kugulitsa malo otsatsira mu 2000, ndipo mu 2002 inatengera njira yomweyi. Mpaka lero ndalama zambiri za Google zimachokera kwa otsatsa malonda.

Mtengo wa kudina kumodzi sukhala wokhazikika. Zimayenda ngati pa okushoni ya fodya ku Limbe, pamene ogula amalimbirana belo limodzi. Apa cholimbirana ndi kamalo kakang'ono pa foni ya munthu, ndipo olimbiranawo ndi amalonda. Kompyuta imamaliza okushoniyo munthu asanaphethire. Imayang'ana amene walonjeza ndalama zambiri, komanso imaona uthenga umene anthu angaukonde. N'chifukwa chake wamalonda wamng'ono wa chithunzi chowala ndi mawu omveka akhoza kupambana mnzake wa ndalama zambiri koma wa uthenga wosakoma. Otsatsa akachuluka pofuna anthu omwewo, mtengo umakwera.

Google ndi Facebook sizigwira ntchito mofanana. Google imaonetsa malonda kwa munthu amene walemba yekha chimene akufuna, ndipo imalipiritsa akadina. Facebook imaonetsa malonda kwa munthu amene amangocheza, ndipo kawirikawiri imalipiritsa potengera kuti uthengawo waoneka kangati. Komabe imamuwerengera wotsatsa anthu amene anadina ndi mtengo wa kudina kulikonse. Kwa wamalonda wa ku Machinga kapena ku Balaka, Facebook ndiyo ili pafupi, chifukwa kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, ndi mwininso wa WhatsApp kuyambira mu 2014. Uthenga ukhoza kukonzedwa kuti munthu akangodina, agwere pa WhatsApp ya wogulitsa n'kuyamba kufunsa mtengo.

Tsopano masamu, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Tiyerekeze kuti mayi wina wa pa Nselema amagulitsa mpunga wopuntha kale, ndipo amautumiza m'tauni pa minibasi. Manambala awa ndi ongophunzirira. Akachotsa ndalama yogulira mpunga, ya kuchigayo, ya thumba ndi ya transipoti, thumba lililonse limamusiyira phindu la K8,000. Iye waika K20,000 yotsatsira kwa sabata imodzi, ndipo anthu 200 adina. Ndiye kuti kudina kumodzi kwamudyera K100.

Anthu 200 akuoneka ambiri, mtima ukhoza kusangalala. Koma kudina si kugula. Ena anadina mwangozi, chala chitaterereka. Ena amangofuna kuona chithunzi bwino. Mwa anthu 200 aja, tinene kuti 30 alemba uthenga wofunsa kuti, "Ndi zingati thumba?" Ambiri akamva mtengo amangoti zii. Pamapeto pake anthu 4 agula thumba limodzilimodzi. Phindu lake ndi K32,000. Kuchotsapo K20,000 yotsatsira, mayiyu watsala ndi K12,000. Kasitomala aliyense wamupeza pa mtengo wa K5,000.

Bwanji ogula akanakhala awiri okha? Phindu likanakhala K16,000, ndipo mayiyu akanaluza K4,000 ngakhale foni yake inalira sabata yonse. Anthu odina ndi omwewo, ndalama yotsatsira ndi yomweyo, koma pa ogula anayi wapindula, pa ogula awiri wadya mpamba.

Apa pakuonekanso chifukwa chake si katundu aliyense woyenera kutsatsidwa motere. Wogulitsa tomato amene amapeza K300 pa mulu sangakwanitse kupeza kasitomala pa K5,000. Njirayi imakomera katundu wa phindu lalikulu pa chinthu chimodzi, monga mipando, zitseko, madiresi a ukwati kapena mpunga wa thumba lathunthu. Imakomeranso katundu amene munthu amabwerera kudzagula. Banja la ku Blantyre likaukonda mpungawo, mwezi wamawa lidzaimba lokha foni, ndipo ulendo umenewo mayi uja salipiranso Facebook kanthu.

Wotsatsa amasankha yekha anthu oti aone uthenga wake: dera limene akukhala, zaka zawo, ngati ndi amuna kapena akazi. Ambiri amalakwitsa pamenepa. Kulipira kuti anthu a pa Nselema pomwepo aone mpunga ndi kutaya ndalama, chifukwa mpungawo amauona ndi maso pa msika, ndipo ambiri ali ndi mafoni ang'onoang'ono opanda intaneti. Kusankha Malawi yense n'kulakwanso ngati katunduyo sangatumizidwe ku Karonga. Kalipentala wanzeru akhoza kuganizira za anyamata a ku Machinga amene akugwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town koma akumanga nyumba kumudzi. Amenewo amafuna zitseko ndi mafelemu kuno, pamene ndalama ili nawo uko.

Pali vuto lina limene wamalonda wa ku London salidziwa. Makampaniwa ndi akunja, ndipo kawirikawiri amafuna khadi ya ku banki, monga ya Visa, yotha kulipira ndalama zakunja. Dziko lino lakhala likuvutika ndi kusowa kwa ndalama zakunja, choncho kulipira ndi khadi sikuyenda bwino nthawi zonse. Mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Uthenga wa madola 10 umene unkadya K11,800 unayamba kudya K17,000 tsiku limodzi lokha. Ena opanda khadi amapereka ndalama kwa munthu wina kuti awalipirire. Wochita zimenezi aziumirira kuona yekha manambala ochokera ku Facebook, osangomva mawu akuti zayenda bwino.

Ndipo ndalama yotsatsira imapita pachabe ngati wogulitsa achedwa kuyankha. Munthu wofunsa m'mawa sadikira mpaka madzulo, pamene foni ili kotchajitsa kapena bandulo yatha. Wogula wa kutali amaopanso akuba a pa foni, sangotumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kwa munthu wosamudziwa. Amalimba mtima akaona chithunzi chenicheni cha katunduyo, mtengo wolembedwa poyera, dzina la malo, ndi nambala imene ikaimbidwa imayankhidwa.

Woyamba kumene ayambe ndi ndalama yochepa, aike malire a tsiku lililonse, ndipo afunse aliyense wogula kuti anamva kuti za malondawo. Mayankho onse alembedwe m'kope.

Tiwerengere limodzi: telala wa ku Balaka amapeza phindu la K6,000 pa diresi limodzi. Walipira K30,000 yotsatsira ndipo anthu 250 adina. Kodi kudina kumodzi kwamudyera ndalama zingati? Nanga agulitse madiresi angati kuti K30,000 yake ibwerere?