Mawu a Chingerezi Othera ndi -cide: Malangizo kwa Opopera Mankhwala m'Minda ya Tiyi

Inu abale amene makolo anu anachoka ku Mulanje ndi ku Thyolo nadzathyola tiyi ku Aberfoyle ndi ku Katiyo m'chigwa cha Honde, kapena ku New Year's Gift ku Chipinge, kumene tiyi anayamba kubzalidwa m'chaka cha 1924, tcherani khutu: akapitawo akakupatsani chigubu kuti mukapopere, musafulumire kutsegula musanawerenge dzina lake, pakuti safunsa anadya phula.

Poyamba yang'anani kumchira kwa mawu. Mukaona zilembo zinayi izi, -cide, zimene Angerezi anazitenga ku Chilatini, dziwani kuti m'chigubumo muli chakupha, ndipo dzina la wophedwayo lalembedwa kumutu kwa mawu omwewo.

Kachiwiri werengani mutuwo mofatsa. Herbicide amapha udzu, ndipo popeza sadziwa kusiyanitsa namsongole ndi mbande ya tiyi, musampopere tsiku lamphepo. Insecticide ndi wa tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi. Fungicide, wa nkhungu zodwalitsa masamba ndi mizu. Koma dzina limene lasokoneza ambiri ndi acaricide. M'nyengo yadzuwa, pamene masamba okhwima ayamba kufiirira pamwamba, ndipo mukawasisita ndi chala patsala kadontho kofiira, adani anu ndi akangaude ofiira, amene ali ndi miyendo isanu ndi itatu, ndipo insecticide wambiri sawagonjetsa. Wowapha ndiye acaricide. Nematicide amalimbana ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso todya mizu, rodenticide ndi makoswe, molluscicide ndi nkhono, ngakhale zija zofalitsa likodzo.

Kachitatu, popeza mchira womwewo ndi umene uli pa homicide, mlandu wa kupha munthu, musakhulupirire kuti chopha khoswe chingakuchitireni inu chifundo. Funani chizindikiro cha makona atatu chimene malamulo a Zimbabwe amaika pachigubu: chobiriwira ndiye chochepa ukali, kenaka chachikasu, kenaka chofiira, ndipo chachibakuwa ndicho choopsa koposa zonse. Valani magolovesi, nsapato zajombo ndi chophimba kumphuno, ndipo chigubu chikatha musatungiremo madzi, ngakhale mutachitsuka kangati.

Mnzanu akayamba chizungulire, thukuta ndi kusanza ali pantchito, mumvule zovala zonyowazo, mumsambitse ndi sopo, ndipo popita naye kuchipatala cha Hauna kapena cha Chipinge munyamule chigubucho, kuti adokotala awerenge okha dzina la mankhwalawo.