Timadontho ta pankhope ukwati uli pafupi

Amayi,

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimakhala ku Kapata. M'masaya mwanga muli timadontho takuda totumphuka pang'ono, ndipo pambali pa mphuno pali china chokulirapo chomwe ndinabadwa nacho. Kwatsala miyezi iwiri kuti ndilowe m'banja. Mnzanga akuti ku saluni ina amazichotsa ndi lezala n'kupakapo mankhwala, apo ayi ndichimange ndi ulusi chigwe chokha. Nditani?

Wodandaula, Kapata

Mwana wanga,

Lezala ayi, ulusi ayi, mankhwala opanda dzina a m'kabotolo ayinso. Ndakana poyambirira kuti usafike kumapeto ukuganiza kuti mwina ndivomera.

Timadontho ta m'masayato n'kutheka kuti ndi timene madokotala amatitcha dermatosis papulosa nigra. N'tofala mwa ife akhungu lakuda, timayenda m'magazi, ndipo timachuluka munthu akamakula. Tayang'anitsitsa nkhope ya amayi ako kapena azakhali ako, mwina utipeza. Ngakhale Morgan Freeman, katswiri wa mafilimu uja, ali nato tambiri. Si khansa, ndipo sitipatsirana.

Chondidetsa nkhawa ine ndi chipsera. Khungu lathu likavulazidwa limakonda kuda pamalopo kwa miyezi, ndipo mwa ena chilonda chimapola ndi chipsera chotupa cholimba, chija umachiona pakhutu la munthu amene anaboola ndolo. Chimenecho chimakula kuposa bala lenilenilo, ndipo ukachidula chimatha kubweranso. Mankhwala owotcha nawo sadziwa polekezera, amadya ndi khungu labwino lomwe. Kuwonjezera apo, lezala yogwiritsidwa ntchito pa anthu angapo imatha kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B.

Chachikulu cha pamphunocho chimafuna maso a dokotala. Zambiri zotere sizivuta, koma chikayamba kukula msanga, kusintha mtundu, kuyabwa, kutuluka magazi kapena m'mbali mwake kukhala mokhotakhota, chiyenera kupimidwa. Ukachidulira kunyumba, wataya kachidutswa komwe akanakapima, pomwe mizu yatsala mkati. Ndipo poti tayamba nkhaniyi, uziyang'ananso kumapazi, m'manja ndi pansi pa zikhadabo, chifukwa mwa anthu akuda khansa ya pakhungu ya melanoma imakonda kuyambira kumeneko. Bob Marley anamwalira nayo mu 1981, ndipo inayambira pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi.

Yambira pa kiliniki ya ku Kapata konko. Akaona kuti n'kofunika, akupatsa kalata yopita ku Chipata Central Hospital, ndipo zovuta kwambiri amazitumiza ku Lusaka, ku UTH kapena ku Cancer Diseases Hospital. Dokotala akamachotsa, amabaya kaye jakisoni wochititsa dzanzi, kenako amadula ndi zida zoyera kapena kuwotcha ndi kachipangizo ka magetsi. Umuuze ngati kwanu kuli anthu a zipsera zotupa.

Za ukwati, miyezi iwiri ndi yochepa kuti bala la pankhope lizimiririke. Dokotala akanena kuti palibe choopsa, zisiye kaye, pa tsikulo wokukongoletsa aphimbe ndi zodzola ngati ukufuna. Ukadzakhazikika m'nyumba mwako n'kuona kuti zikukusowetsabe mtendere, udzakachotse kuchipatala. Koma kukaonetsa chachikulucho, pita sabata ino.