Kangaude Womanga Ukonde Pamwamba pa Mtsinje

Pa chilumba cha Madagascar, kum'maŵa kwa Mozambique, pali kangaude wina wodabwitsa. Iye ndi wa mtundu wa akangaude otchedwa Caerostris, amene amaluka maukonde ozungulira ngati lichero. Thupi lake limafanana ndi khungwa la mtengo, kotero kuti akangoti phee pa nthambi, adani ake samuona msanga. Akatswiri aŵiri, Matjaž Kuntner ndi Ingi Agnarsson, ndiwo adalemba za kangaudeyu m'chaka cha 2010. Iwo adamutcha Caerostris darwini pokumbukira Charles Darwin.

Kangaudeyu ndi wamng'ono ndithu. Wamkazi amatalika masentimita 2, pamene wamwamuna amatalika mamilimita 6 okha. Komabe wamkaziyo amamanga ukonde wake pamwamba pa mtsinje, ndipo ulusi wogwira ukondewo umatha kutalika mamita 25.

Kodi kanthu kopanda mapiko kamaolotsa bwanji ulusi pa madzi? Poyamba kangaudeyu amakwera mu mtengo wa m'mbali mwa mtsinje. Ali m'menemo amatulutsa ulusi wambiri, ndipo mphepo imauuluza mpaka ukakodwe pa nthambi ya tsidya lina. Tsono iye amaukoka kuti ukungike, nayenda pamenepo akuwonjezera ulusi wina. Pambuyo pake amaluka ukonde wake pamwamba pa madzi.

Iye amadzivutitsa chotere chifukwa cha chakudya. Tizilombo tambiri timaswana m'madzi, ndipo tikamera mapiko timauluka pamwamba pa mtsinje, kumene akangaude ena safikako. Kumeneko mphepo imaomba kwambiri, choncho ulusi wofooka sungapirire. Akatswiri atayesa ulusi wa kangaudeyu, adapeza kuti ndi wovuta kuduka kuposa wa akangaude onse amene adayesedwapo kale.

Ngakhale ulusi wake uli wolimba chotere, kangaudeyu sangamange popanda mitengo tsidya lino ndi tsidya linalo. Ku Madagascar nkhalango zambiri zatha chifukwa cha kutsegula minda ndi kuotcha makala. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikagwetsedwa, ulusi uja umasoŵa pokodwa.

Mafunso

1. Kodi kangaudeyu amapezeka kuti?
2. Kodi thupi lofanana ndi khungwa limamuthandiza bwanji?
3. Fotokozani m'mene amaolotsera ulusi pa mtsinje.
4. Chingamuchitikire n'chiyani mitengo ikatha?