Phunziro: Maswiti a Chimwenye Ochokera ku Mkaka Wathu

Amayi anzathu, ife a kuno ku Bvumbwe timadziwika ndi zinthu ziwiri: ndiwo zamasamba ndi mkaka. Mabanja ambiri ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri, ndipo m'mawa uliwonse timaona zigubu zikupita pa njinga kumalo amene gulu la alimi limasonkhanitsira mkaka. Koma tonse tikudziwa tsiku lija magetsi athima, thanki yoziziritsira yaima, kapena takama madzulo mochedwa. Mkaka umagona, kukacha wasasa, thukuta lonse lapita pachabe. Phunziro la mwezi uno likutionetsa m'mene anzathu amwenye amapulumutsira mkaka wotere pousandutsa maswiti.

Kumene luso limeneli lachokera

Amwenye ambiri a m'dziko muno makolo awo anachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India. Kale anali ndi sitolo ngakhale m'midzi, mpaka m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Dr Kamuzu Banda linalamula kuti azichita malonda m'matauni akuluakulu okha monga Blantyre, Limbe ndi Lilongwe. Samusa tinaphunzira kwa iwo, koma maswiti awo, amene amawatcha mithai, ambirife timangowaona. Ahindu amagawana maswitiwa pa chikondwerero cha Diwali, chimene chimachitika mu October kapena November. India ndi dziko lotentha, choncho kalekale kusanabwere mafiriji anthu ake anazindikira kuti mkaka ukauphwetsa madzi ndi kuuthira shuga suwonongeka msanga.

Poyamba, mkaka wake ukhale wabwino

Ife amene tinagwirapo ntchito m'chipatala sitingadumphe mfundo iyi. Tiphike mkaka tsiku lomwe takamalo, usanayambe kusasa. Mkaka wosawiritsa ungathe kufalitsa chifuwa chachikulu cha TB chochokera ku ng'ombe, ndipo moto ndiwo umapha tizilomboti. Koma moto suchotsa mankhwala. Ngati ng'ombe yabayidwa jakisoni, kapena bere lake latupa, mkaka wake tisaphikire maswiti, tisamwe, tisapatse mwana, mpaka atakwana masiku amene mlangizi wa ziweto wanena. Mkaka umene aukana kogulitsa pa chifukwa chimenechi ndi wotaya basi.

Kaphikidwe ka khoya

Khoya ndiye mayi wa maswiti ambiri a chimwenye.

1. Thirani lita imodzi ya mkaka wosachotsa mafuta m'poto wotakasuka, wochindikala pansi.
2. Ukawira, chepetsani makala pa mbaula. Takasani ndi mthiko woyera, wosanunkha ndiwo, mukupala pansi ndi m'mbali kuti usapserere.
3. Pakatha ola limodzi kapena kupitirirapo, mkaka umalimba ngati phala louma nuyamba kusiya m'mbali mwa poto. Phulani.

Lita imodzi imatulutsa khoya wokwana pafupifupi magalamu 200. Ntchito imeneyi sifuna mayi wothamangira kuchigayo. Mukachokapo pang'ono, zonse zanunkha utsi.

Peda ndi barfi

Pa khoya ameneyu thirani masupuni aakulu 4 a shuga, mubwezere pamoto wochepa. Ayamba wasungunuka, kenaka alimbanso. Amwenye amathiramo kadamomu wosinja, amene amapezeka m'sitolo za zokometsera ku Limbe; ngati palibe, palani khungu la ndimu pang'ono. Zikazizira moti n'kugwirika, dzolani majarini m'manja, umbani timibulu, mudinikize pakati ndi chala. Ameneyu ndiye peda, ndipo mupeza timibulu pafupifupi 10. Mukafuna barfi, yalani m'mbale yodzola mafuta, musalaze, zikalimba muduledule timabokosi.

Kuphatikiza ndi zakwathu

Ku India amakonda kuika mtedza wa kunja wokwera mtengo. Ife tili ndi wathu. Kazingani mtedza theka la kapu, pukusani makoko, sinjani osati mpaka chiponde, musakanize mu barfi. Makademiya, amene amalimidwa kuno ku Thyolo, amakomanso kwambiri. Sankhani mtedza bwinobwino: wonyala, wakuda ndi wa chuku tayani, pakuti poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo safa ndi moto.

Palinso halwa. Palani makaloti theka la kilogalamu, muphike mu theka la lita ya mkaka mpaka mkaka uphwe, kenaka thirani masupuni 5 a shuga ndi masupuni 2 a majarini, mutakase mpaka ziwale. M'malo mwa kaloti tingaikemo dzungu kapena mbatata yofiira mkati, zimene zili ndi vitamini A wothandiza maso a ana.

Kusunga, kudya ndi kugulitsa

Popanda firiji, peda ndi barfi tidye pasanathe masiku awiri kapena atatu, zili m'chotengera chouma, chovundikira. Halwa asagone. Zikasintha fungo kapena kuchita nkhungu, tisamve chisoni potaya.

Tikumbukirenso kuti awa ndi maswiti, si chakudya. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi afika m'nyumba zathu zambiri. Kamodzi pa tiyi n'kokwanira, ndipo odwala shuga tisawakakamize poti ndi alendo. Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Ndiponso kapu ya mkaka ya ana isathere mu poto wa malonda.

Amene akufuna kugulitsa ayambe walemba mtengo wa mkaka, shuga, makala ndi nthawi yake, agawe ndi timibulu 10 tija. Akaona kuti mkaka wamadzi ukumupatsa zambiri, agulitse mkakawo, maswiti asiyire tsiku la mkaka wotsala.

Zokambirana pa gulu

1. Kodi mwezi wathawu m'nyumba mwathu munawonongeka malita angati a mkaka?
2. Ndani mwa ife ali ndi poto woyenera, kuti pa msonkhano ukubwerawu tidzayesere limodzi ndi lita imodzi?
3. Amene alibe ng'ombe angagwirizane bwanji ndi amene ali nazo, kuti wina abweretse mtedza, wina mkaka?