Makina oonera nsomba akazima, tsatani njira ya moto

Usipa umene timagula pa msika wa Mitundu kapena wa Nathenje umachokera ku nyanja ya Malawi. Asodzi ambiri amaupha usiku ndi khoka la chilimira. Munthu mmodzi, amene amamutcha siginala, amakhala m'bwato ndi nyali zowala kuti usipa usonkhane. Iye amadalira maso ndi luso lake. Koma pa maboti ena akuluakulu, monga Ndunduma, sitima ya boma yofufuza za nsomba ya ku Monkey Bay, pamakhala makina oonera pansi pa madzi. M'masitolo amawatcha fish finder.

Kodi munayamba mwakuwapo mutaima m'munsi mwa phiri la Bunda? Mawu amakagunda thanthwe n'kubwerera kwa inu. Makinawa amagwira ntchito chimodzimodzi. Kunsi kwa boti amamangako kachipangizo kamene kamatumiza kaphokoso m'madzi. M'madzi phokoso limathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi imodzi. Likagunda gulu la nsomba kapena mchenga wapansi, limabwerera. Makina amawerenga nthawi imene phokosolo latenga, n'kujambula pa galasi pamene pali nsomba. Nyanja yathu ndi yozama mamita pafupifupi 700 pamalo pake pozamitsitsa, koma ngakhale pamenepo phokoso limapita n'kubwerako sekondi imodzi isanathe.

Mwina mukufunsa kuti ife a kumtunda kuno zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza ndithu. Makina ang'onoang'ono oterewa amadya moto wa batire la mavoti 12, lofanana ndi limene timatchaja ndi sola n'kumayatsira mababu, wailesi ndi TV. Matenda ake ndi amodzi. Amene wadziwa kufufuza vuto pa boti, wadziwanso kufufuza vuto la m'nyumba mwake.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti chipangizo chikazima, anthu timathamangira kunena kuti chapsa. Ena amachitsegula ndi mpeni, ena amataya ndalama kugula china, pamene chinalibe vuto. Taganizani za kudimba. Tomato wa kumapeto kwa ngalande akafota, simumuzula. Mumayamba pa chitsime, n'kumatsata ngalande mpaka mutapeza pamene madzi atsekeka kapena pamene akuthawira. Moto nawo uli ndi ngalande yake. Umachoka pa mutu wa batire wa chizindikiro cha +, n'kudzera m'waya wofiira, m'fyuzi ndi pa pulagi, kukafika ku makina. Umabwerera ku batire kudzera m'waya wakuda. Pakangoduka pamalo amodzi, zonse zimaima.

Tsono yambani pa chitsime, chimene ndi batire. Maso sangakuuzeni kuti batire lili ndi moto wochuluka bwanji. Pamafunika kamita koyezera magetsi, kamene amakaniko amakatcha multimeter. Nsonga yofiira ikani pa +, yakuda pa −, ndipo werengani manambala. Batire lodzaza, limene lapumula maola angapo litachoka pa chaja, limasonyeza 12.6 kapena 12.7. Likasonyeza 12.2, moto watsala theka. Likatsika kufika 12.0, lafooka ndipo likufuna kutchaja lero lomwe. Makina ambiri oonera nsomba amazima okha moto ukayandikira mavoti 10.

Apa pali chinthu chimene chimapusitsa anthu ambiri. Batire lokalamba limatha kusonyeza 12.5 likangokhala chabe, koma mukayatsa chinthu manambala amagwa nthawi yomweyo. Lili ngati ng'ombe yooneka yonenepa m'khola, imene imagwada mukaimanga pa ngolo. Choncho yezani kawiri: chipangizo chili chozimitsa, kenako chili choyatsa.

Pa boti, vutoli limaonekera bwino poliza injini yoyatsa ndi kiyi. Sitata imakoka moto wambiri kwa kanthawi kochepa, ndipo makina oonera nsomba amaphethira kapena kuzimiratu. Sanawonongeke ayi, angolandidwa chakudya. N'chifukwa chake eni maboti ena amawapatsa batire lawolawo.

Batire likakhala labwino, yang'anani pa mitu yake. Tsiku lina kwa mlamu wanga TV inazima mpira uli mkati. Anyamata anali atayamba kale kufuna sikuludiraiva. Titayatsa tochi, tinaona ufa woyera wosakanikirana ndi wobiriwira utaunjikana pa mutu wa batire, ndipo waya anali atangomukulunga ndi dzanja, akugwedera. Tinamasula waya wakuda poyamba, kenako wofiira. Mlamu wanga anasungunula soda wophikira therere m'madzi pang'ono n'kuthira pa ufa uja. Panachita thovu. Tinakwecha ndi kamswachi kakale, kupukuta mpaka chitsulo chinawala, n'kumanga waya ndi bawuti, wofiira poyamba. Tinapakapo girizi pang'ono pamwamba. TV inayaka. Pa boti ufa umenewu umabwera msanga kwambiri chifukwa cha chinyontho.

Pochita zimenezi samalani. Madzi a m'batire ndi asidi, amaboola zovala ndiponso amawononga maso. Soda asalowe m'kati mwa batire. Musayatse machesi kapena kusuta fodya pafupi, makamaka potchaja, chifukwa batire limatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka. Sipanala isagunde mitu yonse iwiri nthawi imodzi.

Kuchoka pamenepo, tsatani waya wofiira mpaka mupeze fyuzi. Ndi kanthu kakang'ono kokhala ndi kawaya kopyapyala m'kati. Moto ukachuluka mwadzidzidzi, kawayako kamaduka kuti makina apulumuke. Kwezani fyuziyo poyera muione. Ngati yaduka, ikani ina ya nambala yomweyo. Makina ambiri ang'onoang'ono oonera nsomba amafuna fyuzi yolembedwa 3A. Chonde, musamangepo waya wamba kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Ndaona anthu akuchita zimenezi ndi mtima wofuna kuthandiza, koma tsiku limene mawaya adzagundane, chimene chidzapse ndi makina, mwinanso denga laudzu. Fyuzi yatsopano ikadukanso, ndiye kuti penapake waya wasupuka ndipo akugunda mnzake. Mufufuzeni.

Waya amatha kuoneka wabwino kunja koma m'kati atathetheka, makamaka polumikiza ndi popindika. Muyendetseni m'zala pang'onopang'ono, mnzanu akuyang'ana pa galasi. Makina akaphethira, vuto lili pamene mwagwirapo. Waya wowonda kwambiri koma wautali nayenso amataya moto m'njira, monga ngalande yaitali ya mumchenga.

Pomaliza solani pulagi ya kumbuyo kwa makina, muone ngati timano take tachita dzimbiri kapena tapindika. Yezaninso pomwepo ndi kamita kaja. Ngati pa batire pali 12.6 koma pa pulagi pali 11, moto ukutayika pakati, bwererani m'ngalande. Ngati moto ukufika wokwanira koma makina ali zii, pamenepo ndiye atengereni kwa amakaniko.

Aliyense amene ali ndi batire kunyumba alembe m'kope manambala awiri: amene wawerenga madzulo dzuwa litalowa, ndi amene wawerenga m'mamawa lisanatuluke.