Likangala akafika ku Chilwa: zoyenera ndi zosayenera

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi olowamo amauma ndi dzuwa, koma zimene anyamula zimatsalira m'matope. Likangala amatsika kuphiri la Zomba, amadutsa mumzinda, ku Chikanda amalandira madzi ochokera kumalo oyeretsera zonyansa za m'zimbudzi, kenako amathirira mpunga pasikimu ya Likangala asanathire m'nyanja. Nkhaniyi ikukhudza wa m'tauni ndi wa kugombe la Kachulu yemwe.

Zoyenera: Malo oyeretsera zonyansa azisamalidwa tsiku ndi tsiku. Ntchito yake imafuna nthawi: ndowe ziyambe zadikha pansi pa thanki, kenako tizilombo tosaoneka ndi maso tidye zotsalira, madzi asanapite kumtsinje. Paipi ikaphulika kapena matope akadzaza thanki, zonyansa zimangodutsa zili zaziwisi. Lamulo la zamadzi la 2013 limafuna chilolezo kwa aliyense wothira madzi oipa mumtsinje. Ine ndikuti madziwo aziyezedwa pafupipafupi, ndipo zotsatira zake zizifika kwa a T/A Mwambo ndi a Kuntumanji, osangothera m'mafayilo.

Zosayenera: Kuganiza kuti mtsinje udzitsuka wokha. Mu Okutobala Likangala amachepa kwambiri, madzi osungunula zonyansazo amakhala palibe.

Zoyenera: Chimbudzi chikadzaza, itanani galimoto yopopa, ndipo mufunse kumene ikakhuthule.

Zosayenera: Kuboola chimbudzi usiku wa mvula kuti madzi akokolole. Matewera a ana otayidwa pansi pa mlatho nawonso amakatsakamira m'ngalande za mpunga, momwe mayi wowokera amaponda opanda nsapato tsiku lonse.

Zoyenera: Kumwa madzi a pamjigo, otungira m'ndowa yovundikira. Ngati mjigo wafa, wiritsani madzi kapena thiranimo klorini wa kwa alangizi a zaumoyo, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe.

Zosayenera: Kutunga m'ngalande chifukwa madzi akuoneka oyera. Kolera saoneka ndi maso.

Zoyenera: Msodzi wopita ku zimbowera anyamule chigubu cha madzi othira mankhwala ndi mapaketi a Thanzi ORS. Apa ndiye pondiwawa mtima. M'tinyumba toyandama timeneti munthu amatha milungu ingapo ali pakati pa mabango, madzi amene akudzithandiziramo ndi omwewo akumwa, chipatala chili kutali ndi bwato lopalasa. N'chifukwa chake mu 2016 katemera wa kolera anaperekedwa kwa asodzi a pa Chilwa, ndipo mliri waukulu wa 2022 mpaka 2023 unayambira ku Machinga, boma logawana nafe nyanjayi. Katemera akabweranso padooko, landirani.

Zosayenera: Kusunga mnzanu wotsegula m'mimba m'chimbowera poti matemba akugwidwa. Kolera amatha kupha munthu m'maola ochepa. Mumwetseni Thanzi muli m'bwato momwemo, mukupalasira kumtunda.

Zoyenera: Kuyanika matemba pathandala, ndi kuphika makumba ndi milamba mpaka zipse bwino.

Zosayenera: Kuyanika pansi pomwe pamayenda ziweto, kapena kutsuka nsomba ndi madzi ovunduka a padooko.

Zoyenera: Mwana akakodza magazi, apite kuchipatala. Limenelo ndi likodzo, mankhwala ake alipo, ndipo si chizindikiro cha kukula ayi.

Zosayenera: Kukodzera m'ngalande. Mazira a likodzo amaswa m'madzi, tizilomboto timalowa mu nkhono, kenako timaboola khungu la wosamba kapena wopalira mpunga. Mlandu uwu sitingaukankhire kutauni, ndi wathu wa kumudzi kuno.

Zoyenera: Kusiya mabango ndi udzu m'mphepete mwa mtsinje ndi m'dambo. Zimasefa matope, zimayamwa zina mwa zonyansa, ndipo nyanja itauma mu 1995 ndi mu 2018 nsomba zinapulumukira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo. Chilwa ili pamndandanda wa madambo otetezedwa pa pangano la Ramsar chifukwa cha malo omwewa ndi mbalame zake.

Zosayenera: Kulima mpaka pagombe ndi kuthira feteleza pafupi ndi madzi. Feteleza ndi zonyansa za m'zimbudzi zimanenepetsa ndere ndi namasupuni, ndipo zomerazi zikamaola zimamaliza mpweya umene nsomba zimapuma, makamaka nyanja ikaphwa.