Makina a Ng'oma ndi Sampula: Phunziro kwa Achinyamata Oimba M'boma la Chiradzulu

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Namitambo, ku Namadzi kapena ku Mbulumbuzi akapeka nyimbo yoti ajambule, kawirikawiri njira yake imakhala imodzi: kukwera minibasi ya ku Limbe, kukalipira situdiyo mumzinda wa Blantyre, ndi kudikira pamzere. Magetsi akazima tsiku limenelo, ndalama yoyendera yapita m'madzi. Ndipo popeza nthawi ya mu situdiyo ndi yogula, woimbayo amangolandira ng'oma zimene wojambula ali nazo kale mu kompyuta yake, zomwe mwina oimba ena angapo aimbirapo. Phunziro lino likufotokoza za timakina tonyamula m'manja timene timalola munthu kukonza ng'oma za nyimbo yake ali pakhonde pakwawo, popanda kompyuta, ndi zimene gulu la achinyamata liyenera kudziwa lisanatulutse ndalama.

Makinawa alipo a mitundu iwiri, ndipo anthu amaisokoneza. Woyamba ndi makina a ng'oma, amene amabwera ndi kulira kwakekwake kochokera ku fakitale. Mwini wake amangokonza kuti kulira kulikonse kumveke nthawi yanji. Otchuka mwa onse ndi TR-808, amene kampani ya Roland ya ku Japan inatulutsa mu 1980. Oimba a nthawiyo anawanyoza kuti sakumveka ngati ng'oma zenizeni, ndipo kampaniyo inaleka kuwapanga patangopita zaka zochepa. Atatsika mtengo, achinyamata osauka a ku America anawatola, ndipo kugunda kwake kwakuya kuja ndi kumene kumanjenjemeretsa masipika m'nyimbo za hip hop mpaka lero.

Mtundu wachiwiri ndi sampula. Iyi ili ngati nkhokwe yopanda kanthu. Imajambula phokoso lililonse, kaya ndi ng'oma, chisekese, kuwomba m'manja kapena munsi ukugwera mu mtondo, nkuliika pa batani. Batanilo likadinidwa, phokoso lija limalira. Sampula ya SP-1200 ya mu 1987 inkasunga masekondi 10 okha, koma inatulutsa zimbale zambirimbiri. Mu 1988 kampani ya Akai, pamodzi ndi katswiri Roger Linn, inatulutsa MPC60 yokhala ndi mabatani 16 a labala omenya ndi zala, ndipo masampula ambiri akutsatabe kapangidwe kameneko.

Chimene chasintha masiku ano ndi kukula kwake ndi mphamvu yoyendetsera. PO-33 ya kampani ya Teenage Engineering ya ku Sweden imalowa m'thumba la malaya, ili ndi maikolofoni yakeyake, imasunga masekondi 40, ndipo imayendera timabatire tiwiri ta AAA. SP-404MKII ya Roland, ya mu 2021, imayendera mabatire 6 a AA kapena chingwe cha USB. MPC Live II ili ndi batire lotchaja ndi masipika m'kati mwake, ngakhale mtengo wake ndi wokwera zedi. Kwa munthu wokhala kumene mawaya a ESCOM sanafike, kapena amene akukumbukira mdima umene unadza namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, makina otha kutchajidwa pa sola ya pakhomo si chinthu chaching'ono.

Kagwiridwe kake nkosavuta kumva. Makinawo amagawa chigawo chimodzi cha nyimbo m'masitepe 16, ndipo kanyali kamayenda pa masitepewo mozungulira osalekeza. Munthu akaika ng'oma yaikulu pa sitepe 1, 5, 9 ndi 13, amamva kugunda kunayi kolingana kumene kuli m'nyimbo zambiri zovina za pa wailesi. Akawonjezera chisekese pa masitepe ena, kayimbidwe kayamba kuoneka. Liwiro limawerengedwa ndi nambala ya kugunda pa mphindi imodzi, ndipo limakwezedwa kapena kutsitsidwa ndi kabatani kozungulira.

Apa mpamene pali nkhani yaikulu kwa woimba wa m'boma lino. Masitepe 16 aja anakonzedwera nyimbo zimene kugunda kulikonse kumagawika pawiri kapena panayi. Magule ambiri a kuno sayenda choncho: kugunda kulikonse kumagawika patatu, kotero kuti chigawo chathunthu chimakhala ndi timagawo 12. Pamwamba pa timagawo 12 timeneti, ng'oma ina imatha kuwerenga zitatuzitatu pamene ina ikuwerenga zinayizinayi, ndipo kukoma kwa gule kumachokera pa kukokana kumeneko. Wachinyamata akakakamiza kayimbidwe kotere m'masitepe 16, kamatuluka kotsimphina. Agogo ake akamva amagwedeza mutu, ngakhale sangathe kunena chimene chalakwika. Ambiri akafika apa amaganiza kuti ng'oma za kwawo sizigwirizana ndi makina, nkubwerera ku zakunja, pamene vuto linali kachunidwe chabe.

Njira zokonzera zilipo. Makina ambiri amalola kufupikitsa chigawo kuti chikhale cha masitepe 12, kapena kusankha kagawidwe ka patatu kamene pa makinapo kamalembedwa kuti triplet. Palinso batani la quantize, limene limakokera kumenya kulikonse pa sitepe yapafupi. Likazimitsidwa, makina amasunga kamenyedwe ka zala monga momwe kanalili, ndi kuchedwa pang'ono kuja kumene wodziwa ng'oma amachita mwadala. Njira ina, imene nthawi zambiri imaposa zonse, ndi kujambula chigawo chathunthu odziwa ng'oma akuimba pamodzi, nkuchisiya chizizungulira, kenaka kumanga nyimbo pamwamba pake.

Za kujambula, Chiradzulu sasowa. Tchopa, gule wa Alhomwe amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014, amaimbidwa ndi ng'oma za misinkhu itatu, ndipo iliyonse ili ndi liwu lake. Palinso manganje ndi beni pakati pa Ayao, komanso makwaya a m'mipingo, kuyambira ku PIM mpaka ku Nguludi. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey ankayenda m'dziko muno ndi galimoto yodzaza zida kuti ajambule nyimbo zoterezi. Ntchito yomweyo lero ikutheka ndi kachida ka m'thumba. Ng'oma iyambe yawambidwa pamoto kuti chikopa chikungike, chifukwa ng'oma yozizira imatuluka ngati katoni. Maikolofoni isagunde chikopa, ikhale patali ngati mkono umodzi, pamalo opanda mphepo, ndiponso kutali ndi chigayo. Nyali yofiira ikamayaka, ndiye kuti phokoso lachuluka ndipo lituluka losweka. Ng'oma iliyonse ijambulidwe payokha, kumenya kwa pakati ndi kwa m'mphepete padera, kenaka zonse pamodzi.

Koma ng'oma ili ndi eni ake. Wojambula ayambe wapempha kwa atsogoleri a gule, ndipo ngati ndi pa bwalo, kwa amfumu. Agwirizane poyera, makamaka molemba, za dzina la omenya ng'oma ndi gawo lawo nyimbo ikadzabweretsa ndalama. Nyimbo za kusimba ndi za pa nsembe si zojambula, ngakhale makina atalola. Lamulo la Copyright la mu 2016 limateteza nyimbo za anthu ena, kotero kudula kachigawo ka chimbale cha wina popanda chilolezo kungakhale mlandu. Lamulo lomwelo limatetezanso nyimbo ndi magule a makolo akamagwiritsidwa ntchito pofuna phindu. Bungwe la COSOMA ndilo limalembetsa oimba ndi nyimbo zawo, ndipo ndi kumene woimba akafunse asanatulutse nyimbo yotere.

Pogula, funso loyamba likhale ili: kodi makinawa amajambula okha? Ena, monga Volca Sample ya Korg, ali ndi dzina la sampula koma amafuna foni kapena kompyuta kuti phokoso lilowemo. Lachiwiri, kodi amalola masitepe 12? Ena otsika mtengo salola. Makina ogwiritsidwapo kale ayesedwe batani lililonse pamaso pa wogulitsa, pakuti opeza zida zokonzera ndi osowa. Oitanitsa kunja, kaya kudzera kwa achibale a ku Johannesburg, awerengeretu msonkho wa MRA.

Kalabu ya achinyamata ingachite bwino kuyamba ndi pulogalamu ya pa foni monga Koala Sampler, imene imaphunzitsa luso lomwelo pa mtengo wochepa. Amene apirira miyezi ingapo ndiwo angasonkherane kugula makina amodzi, kapena kupereka ganizo lawo kudzera ku VDC ndi ADC ndi ku ofesi ya achinyamata ya kukhonsolo. Makinawo akhale ndi kaundula wa obwereka. Asungidwe m'chikwama chotseka chifukwa fumbi la m'chilimwe limapha mabatani, mabatire achotsedwe akakhala kuti sagwiritsidwa ntchito kwa masabata, ndipo zonse zojambulidwa zikopedwe pa memore khadi yachiwiri yosungidwa kunyumba ina.